Kodi madzi angathetse utsi wa lole yanga ya dizilo?

Funso: "Ndili ndi lole ya matani atatu imene ndimanyamulira katundu pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu. Masiku ano ikafika pamtunda ikumafuka utsi wakuda bii, moti a kabaza ndi oyenda pansi amachita kutseka mphuno. Ndikamailiza m'mawa pakhomo, oyandikana nawo amadandaula, komanso mwana wanga wamng'ono amavutika ndi mphumu. Mnzanga wandionetsa kanema pa YouTube wa anthu akupopera madzi mu injini ya dizilo, ati utsi umatha ndipo mafuta amapulumuka. Wina wandiuza kuti ndingothira kapu imodzi ya madzi m'thanki. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndipha injini?" Wowerenga wa ku Mchengautuwa, Mzuzu.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanayese. Mtima ukhale m'malo, chifukwa utsi wakuda sutanthauza kuti injini yatha. Malole ambiri amene amafika m'manja mwathu akufuka chonchi amabwerera pamsewu popanda kumasula injini yonse. Mnzanu wa kanemayo sanakunamizeni kwenikweni, pakuti luso lopopera madzi mu injini lilipodi ndipo ndi lakale. Kungoti linapangidwira vuto lina, losiyana ndi limene lole yanu ili nalo. Koma uyo wa kapu ya madzi m'thanki musamumvere ngakhale pang'ono. Musathiremo ngakhale dontho, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Tiyambe ndi zimene zimatuluka ku ekizosi. Pali adani awiri akuluakulu. Woyamba ndi amene mukumuona, mwaye, kutanthauza dizilo amene sanapse bwino chifukwa mpweya unachepa kapena mafutawo sanamwazike bwino m'silinda. Wachiwiri saoneka ndi maso. Mpweya umene timapumawu uli ndi nayitrojeni pafupifupi 78 peresenti ndi okosijeni 21 peresenti, ndipo ziwirizi sizisakanikirana chisawawa. Koma moto wa m'silinda ukatentha kupitirira madigiri pafupifupi 1,500, zimagwirana n'kupanga mpweya woipa umene timautcha NOx. Umenewu umapweteka njira za mpweya m'chifuwa, umadzutsa mphumu, ndiponso ndi umene unagwetsa kampani ya Volkswagen m'mlandu waukulu mu 2015, zitadziwika kuti galimoto zake za dizilo zinkabisa kuchuluka kwake poyezedwa.

Chimene chimazunguza mitu opanga injini n'chakuti adani awiriwa amasinthana. Mukaotcha dizilo pamoto waukulu kuti mwaye uthe, NOx amachuluka. Mukaziziritsa moto kuti NOx achepe, mwaye umabwerera. Injini imene ikufuka kwambiri ngati yanuyi nthawi zambiri imakhala kuti moto wake ndi wosowa mpweya kale.

Madzi amalowa pamenepo. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi isanduke nthunzi imameza kutentha kokwana makilojulo pafupifupi 2,260, pamene dizilo wolemera chimodzimodzi amangofuna pafupifupi 250. Ndiye madzi pang'ono akalowa m'silinda ali fumbi losalala kwambiri, amamwa gawo la kutenthako, moto sufika pachimake penipeni, ndipo NOx amatsika. Ntchito yeniyeni ya madzi ndi imeneyo, kuziziritsa. Madzi sayaka, alibe mphamvu yoyendetsa pisitoni, ndipo aliyense wokuuzani kuti lole iziyendera madzi m'malo mwa mafuta akufuna ndalama zanu basi.

Lusoli linatchuka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene ndege za ku Germany monga Messerschmitt Bf 109 zinkapopera madzi osakaniza ndi methanol (mtundu wa spiriti) theka ndi theka kuti injini ipirire mphamvu yowonjezera kwa mphindi zochepa. Mu 2016 BMW inatulutsa galimoto ya M4 GTS yokhala ndi thanki yake ya madzi. Koma zonsezi ndi injini za petulo, ndipo cholinga chinali mphamvu. Ku dizilo, amene analimbikira kwambiri ndi opanga injini za sitima zapamadzi, chifukwa malamulo a IMO, bungwe loona za maulendo a sitima padziko lonse, anayamba kuwafinya pa NOx. Kampani ya Wärtsilä ya ku Finland inapanga njira yopopera madzi mwachindunji m'silinda kudzera pa nozo yakeyake, ndipo NOx ankatsika ndi 50 mpaka 60 peresenti. Njira ina ndi yonyowetsa mpweya usanalowe mu injini, imene inaikidwa pa sitima ya Mariella yomwe inkayenda pakati pa Finland ndi Sweden.

Njira yachitatu ndi imene imasokoneza anthu ambiri, ndiye ndikhalapo pang'ono. Iyi ndi yosakaniza madzi ndi dizilo mafutawo asanafike ku injini. Ku France kunali mafuta otchedwa Aquazole, ku America kunali PuriNOx wa kampani ya Lubrizol amene anali ndi madzi pafupifupi 20 peresenti, ndipo ankagwiritsidwa ntchito makamaka m'mabasi a m'tauni ndi m'makina akuluakulu. Mafuta oterewa amaoneka oyera ngati mkaka, ndipo ndi okhawo pa njira zitatuzi amene amachepetsa NOx ndi mwaye pamodzi. Chimachitika n'chofanana ndi zimene amayi okazinga mandasi amazidziwa bwino: dontho la madzi likagwera m'mafuta otentha limathetheka n'kumwaza mafutawo mbali zonse. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene dizilo amawira pakati pa 180 ndi 360. Kadontho ka dizilo kakalowa m'silinda kali ndi timadzi m'kati, timadzito timawira koyamba n'kuphulitsa kadonthoko kukhala tizidutswa tating'ono, ndipo tizidutswato timapsa bwino. Kawirikawiri madzi akakhala 10 peresenti, NOx amatsikanso pafupifupi 10 peresenti.

Mwina wa kapu uja anamvapo zimenezi. Chimene sanamve n'chakuti madzi ndi dizilo sizigwirizana pazokha. Kufakitale amagwiritsa ntchito makina ophwanya madziwo kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, madzi ake oyeretsedwa opanda mchere uliwonse, ndi mankhwala apadera oletsa kuti zisalekane. Ngakhale atatero, mafutawo sasungika nthawi yaitali, ndipo mphamvu ya injini imatsika, poti pa malita 100 aliwonse ena mwa iwo ndi madzi osayaka. Pa mtunda wochokera ku Nkhata Bay uja mungamve kusiyanako msanga.

Inu mukathira kapu m'thanki, madziwo amamira pansi chifukwa ndi olemera kuposa dizilo, ndipo pansipo ndi pamene paipi imayamwa. Kuchokera apo amapita ku pampu ali madzi enieni. Pampu ya dizilo ndi manozo ake amadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zisakhulane, ndipo mipata ya m'kati mwake ndi yaing'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ndikamasula pampu imene yamwa madzi sindichita kufunsa mwiniwake. Plunger, kachitsulo kokankha mafuta m'pampumo, imene imayenera kunyezimira ngati galasi imakhala ndi timadontho tofiirira ta dzimbiri, ukaikankha ndi chala m'malo moterera imakakamira, ndipo nsonga ya nozo nthawi zina imakhala itang'aluka chifukwa madzi anawira mwadzidzidzi m'menemo. Ngati lole yanu ndi ya common rail, imene imakankha mafuta ndi mphamvu yopitirira mabaa 1,600, kuonongekako kumafulumira ndipo mtengo wa manozo anayi ungakudyereni phindu la miyezi ingapo. N'chifukwa chake opanga lole anaika kale chosefa madzi panjira ya mafuta. Iwo akuyesetsa kuwachotsa, ndiye inu musawabwezeremo.

Kunoko ku Mzuzu madzi amalowa okha m'thanki ngakhale musanathire. Mpweya wathu ndi wachinyezi, usiku kumazizira makamaka mu June ndi July, ndipo thanki imene yagona ili ndi mafuta ochepa imachita thukuta m'kati. Onjezanipo dizilo wa m'zigubu amene ambirife timakakamizika kugula mafuta akasowa pa filling station. Kamodzi pa sabata masulani kabawuti ka pansi pa chosefa madzicho, mukhetsere m'botolo loonekera m'kati, muliimike padzuwa mphindi zingapo. Mukaona mzere, dizilo pamwamba madzi pansi, khetsanibe mpaka atuluke dizilo yekhayekha. Ndipo ngati thumba likulola, lole izigona ndi thanki yodzaza.

Nanga zida zija za mu kanema, zopopera madzi panjira ya mpweya? Zimenezo zilipo, ndipo pa injini ya tebo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri m'silinda) yothinidwa mphamvu zimaziziritsadi mpweya ndi ekizosi. Koma taonani zimene zimafuna. Kuti NOx atsike ndi theka, njira ya Wärtsilä ija imafuna madzi okwana magawo 4 mpaka 7 pa magawo 10 aliwonse a mafuta. Ngati mumamwetsa lole malita 60 a dizilo, ndiye kuti muzinyamulanso malita 24 mpaka 42 a madzi, ndipo akhale oyeretsedwa ngati a batire. A pamjigo kapena pachitsime ali ndi mchere umene umatseka nozo ya madziyo n'kuunjikana pa mavavu. Sitima ili ndi makina ake oyeretsera madzi komanso mainjiniya olondera injini usana ndi usiku. Lole ili ndi dalaivala ndi wothandizira basi. Chinanso, madzi olowera panjira ya mpweya amaziziritsa moto popanda kuthandiza dizilo kumwazika, choncho pa injini imene ikusowa kale mpweya utsi wakuda ukhoza kuwonjezeka m'malo mochepa. Mukhala mwalipira kuti vuto limene munabwera nalo likule.

Ngozi yoopsa kwambiri ndi iyi. Mpweya umafinyika, madzi safinyika. Tenganitu injini ya malita 4 ya masilinda 4. Silinda iliyonse imameza pafupifupi lita imodzi, ndipo pisitoni ikafika pamwamba malo otsala ndi mamililita 60 okha kapena kuchepera, masupuni akuluakulu anayi. Kapampu ka madzi kakapitiriza kudontha injini itazima, kapena nozo yake ikayamba kuchucha m'malo mopopera, madzi amadikha m'paipi ya mpweya. Mukadzaliza m'mawa, onsewo amalowa nthawi imodzi m'silinda imodzi. Pisitoni imagunda madzi ngati yagunda khoma, conrod (mkono wachitsulo wogwira pisitoniyo) imapindika, nthawi zina imathyoka n'kuboola block. Ndi zomwezo zimene zimachitikira malole olowa m'mtsinje wosefukira nthawi ya dzinja. Madzi ena amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kukalowa mu oyilo, oyiloyo n'kusanduka wotuwa, ndipo akakumana ndi salufa wa mu dizilo amapanga asidi wodya makoma a silinda. Za methanol zimene ena amasakaniza ndi madziwo ndikuchenjezeni mwapadera poti muli ndi ana pakhomo: ndi poizoni wooneka ngati madzi, ndipo pang'ono pokha amachititsa khungu kapena kupha.

Tsopano tibwere ku lole yanu, chifukwa apa ndi pamene ndalama zanu zingagwire ntchito. Mwanena kuti imafuka pamtunda. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nkhata Bay ili pansi pa mamita 500. Pamene mukukwera, mpweya ukupepuka. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 aliwonse okwera, koma pampu yakale ya makina siidziwa zimenezo, imangothira mafuta ofanana ndi amene inachunidwira ku Japan. Mafuta ochuluka pa mpweya wochepa amabala mwaye. Ndiye lole ya kuno ilibe mpata wopirira kalikonse kotsekereza mpweya.

Yambani ndi fyuluta ya mpweya lero lomwe, musanapite kulikonse. Itulutseni, muunikire ndi tochi m'kati. Kuwala kukapanda kudutsa papepalalo, yatha ntchito. Fumbi la m'misewu yathu ya dothi m'chilimwe limaitseka msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Musaimenyetse pa tayala, ndipo musaichape ndi madzi kapena dizilo, chifukwa pepala likang'ambika fumbi limapita molunjika kukadya maring'i. Gulani yatsopano. Ngati pali tebo, tsatirani mapaipi onse a rabala kuchokera ku tebo mpaka ku injini. Pamene paphulika pamakhala pakuda ndi oyilo, ndipo pokwera mtunda pamamveka kulira kwa mluzu.

Zikapanda kusintha, pitani nayo kwa amene ali ndi makina oyezera manozo, ku Luwinga kapena kwina kulikonse, ndipo muimirire pomwepo muone nokha. Nozo yabwino ikapopedwa imatseguka mwadzidzidzi ndi kaphokoso kothetheka, dizilo n'kutuluka ngati nkhungu yosalala mbali zonse mofanana, kenako n'kutseka osasiya dontho. Yotopa imatulutsa mzere ngati wa jakisoni, kapena imapopera mbali imodzi, ndipo kunsonga kwake kumalendewera dontho. Dontho limenelo ndi limene a kabaza aja akupuma. Musayerekeze kuika chala pansi pa nozo ikamayezedwa, dizilo wake amaboola khungu. Pomwepo apempheninso aone timing ya pampu ndi mipata ya mavavu. Ndipo funsani mosabisa ngati pali amene anatsegulapo sikulu ya mafuta pa pampu. Madalaivala ambiri amapempha makaniko kuti "aiwonjezere mphamvu", ndipo chimene chimawonjezeka kwambiri ndi utsi ndi ndalama za dizilo. Pa zonse zimene ndimakumana nazo pantchitoyi, chizolowezi chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa chimaononga injini yabwinobwino.

Kayendetsedwe nakonso. Lole ya matani atatu ikasenza asanu idzafuka ngakhale manozo atakhala atsopano. Pamtunda tsitsani giya msanga injini isanayambe kubuula. Kuponda mpaka pansi muli pa giya yaikulu kumathira mafuta ambiri pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono ndipo ikukoka mpweya wochepa.

Yang'anitsitsaninso mtundu wa utsi, chifukwa zonse ndanenazi ndi za wakuda. Wabuluu motuwa wonunkha oyilo ukutanthauza maring'i, mavavu kapena tebo imene ikutaya oyilo. Woyera wa m'mawa wozizira umene umatha injini ikatentha nthawi zambiri ndi ma heater plug (otenthetsa m'silinda poliza injini) otopa, ndipo mwina ndi umene oyandikana nanu akudandaula nawo. Koma woyera wosatha, madzi a mu radiyeta akumachepa tsiku ndi tsiku, ndi gasket ya cylinder head, ndipo imeneyo musayende nayo ulendo wina.

Pa nkhani yochepetsa utsi, pali malo amodzi okha pamene madzi amaloledwa pa malole amakono, ndipo mwina mudzakumana nawo mukadzagula ina yochokera ku Ulaya kapena ku Japan. Ndi kathanki ka chivindikiro cha buluu ka AdBlue, amene ndi urea 32.5 peresenti ndi madzi oyeretsedwa 67.5 peresenti. Ameneyu salowa mu injini. Amapoperedwa mu ekizosi, kumene amasandutsa NOx kukhala nayitrojeni ndi nthunzi wamba. Njira imeneyi pamodzi ndi ya EGR, yobweza gawo la utsi mu injini kuti moto uzizire, ndi zimene zinapambana pamsewu, chifukwa zimagwira ntchito yomweyo popanda kunyamula migolo ya madzi. Ena kuno akumathira madzi a pampopi kapena feteleza wa urea wosungunula m'kathankiko, ena akumatseka EGR ndi kachitsulo kapena kuboola DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizosi. Zonsezi zimaononga zida zodula ndipo utsi wonse umabwerera kwa anthu. EGR ikadzaza mwaye imafuna kutsukidwa, chifukwa ikakakamira ili yotsegula nayonso imabweretsa utsi wakuda.

Za mwana wanu ndisazisiye. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo mwa anthu. Kwa mwana wa mphumu vuto silidikira zaka, limabwera m'mawa womwewo. Kuyambira mawa imikani lole ekizosi italoza kutali ndi mazenera ndi zitseko, zanu ndi za anzanu. Musamaisiye ikulira theka la ola poti itenthe. Mphindi ziwiri kapena zitatu kuti oyilo azungulire, ndi mpweya wa mabuleki udzaze ngati ndi ya mpweya, kenako nyamukani pang'onopang'ono, imatentha msanga ikamayenda. Mwanayo asamakhale panja nthawi imeneyo. Akayamba kupuma mofulumira, chifuwa chikulira, kapena mankhwala ake opopera akapanda kumuthandiza monga mwa nthawi zonse, thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central Hospital osadikira kuti kuche. Inunso kapena dalaivala wanu mukamamva mutu, chizungulire kapena tulo mukuyendetsa, onetsani paipi ya ekizosi, chifukwa ikabooka pansi pa kabini utsi umalowa momwe mwakhalamo.

Lole muiimitse n'kuitana makaniko pomwe yaimapo ngati utsi wakuda wayamba mwadzidzidzi pamodzi ndi kugogoda mu injini, ngati oyilo akukwera pa dipstick m'malo motsika kapena akununkha dizilo, ngati wasanduka wotuwa, kapenanso ngati injini yayamba kuthamanga yokha musanaponde. Ndipo ngati munathira kale madzi aja kalata yanu isanandipeze, musailize. Khetsani thanki yonse, sinthani mafyuluta a mafuta, mupope mpaka ku pampu kutuluke dizilo woyera, kenako ndiye mutembenuze kiyi.